Mtengo wa foni ukutsatira memory, amalonda achenjere popikula

Amalonda amene amapikula mafoni ndi makompyuta ku Shenzhen, Dubai kapena Dar es Salaam adazolowera kudandaula za ndalama zakunja, msonkho ndi mayendedwe. Koma tsopano pali china chimene chikukweza mtengo katunduyo asanachoke n'komwe kufakitale. Kuyambira kumapeto kwa 2025, tizipangizo totchedwa chip, makamaka tosunga zinthu timene ambiri amangoti memory, takwera mtengo kwambiri padziko lonse. Wamalonda amene sakutsatira nkhaniyi akhoza kutsira mpamba wake m'madzi.

Gwero la vutoli ndi loti malonda a ma chip ali m'manja mwa makampani owerengeka. Makampani monga Apple, Qualcomm, MediaTek ndi Nvidia amangojambula mmene chip idzakhalire, koma alibe mafakitale awoawo. Ntchito yopanga amaipereka kwa ena, makamaka TSMC ya ku Taiwan, imene Morris Chang adayambitsa mu 1987. Makina opangira ma chip apamwamba kwambiri nawo amachokera ku kampani imodzi yokha, ASML ya ku Netherlands, ndipo amodzi amagulidwa pamtengo woposa $150 miliyoni. Kumbali ya memory ya RAM, makampani atatu okha, Samsung ndi SK Hynix a ku South Korea komanso Micron ya ku America, ndiwo agwira pafupifupi msika wonse.

Atatuwa apeza kasitomala wonona. Makampani opanga AI akumanga nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi makompyuta, ndipo makompyutawo amafuna memory yapadera yotchedwa HBM, imene phindu lake n'lalikulu kuposa la memory wamba. Popeza mitundu yonse iwiri imatuluka m'mafakitale omwewo, HBM ikachuluka memory ya foni ndi laputopu imachepa. Mu December 2025, Micron idalengeza kuti ikusiya malonda a Crucial, dzina limene inkagulitsira RAM ndi SSD kwa anthu wamba, kuti iike mtima pa makasitomala akuluakuluwo.

Mkwapulo wake ukugwera kwambiri mafoni otchipa. Pafoni yodula, kukwera kwa memory kumabisala m'phindu lalikulu la wopanga. Pafoni yotsika mtengo ngati Itel, Tecno ndi Infinix, zimene kampani ya Transsion imagulitsa kwambiri mu Africa, phindu limakhala lochepa kale, choncho wopanga amangotsala ndi njira ziwiri: kukweza mtengo kapena kuchepetsa memory mtengo n'kuusiya pomwepo. Njira yachiwiriyi ndiyo yoopsa kwa wamalonda chifukwa sioneka msanga.

Ena akuti maboma athetsa vutoli poti akuthira ndalama zambiri pomanga mafakitale. N'zoona kuti mu 2022 dziko la America lidakhazikitsa lamulo la CHIPS and Science Act, limene lidapatula ndalama zoposa $52 biliyoni, ndipo TSMC idamanga fakitale ku Arizona. Koma kumanga fakitale imodzi kumatenga zaka, ndipo ngakhale ikayamba ntchito, chip imatha miyezi pafupifupi itatu isanatuluke. Chinanso, zambiri mwa ndalamazo zikulondola ma chip apamwamba, osati a foni ya munthu wopeza movutikira. Wodikira thandizo kuchokera kumeneko adikira mpaka liti?

Komabe kumeneku si kunena kuti amalonda athamangire kuunjika katundu. Malonda a ma chip amakwera n'kutsika ngati mtengo wa chimanga. Mu 2021 adasowa mpaka mafakitale a galimoto ena adaimitsa ntchito. Chifukwa cha mantha, makampani adaitanitsa ochuluka kuposa amene ankafuna. Pofika 2023 memory idasefukira pamsika, mitengo idagwa, ndipo mu April chaka chomwecho Samsung idalengeza kuti ichepetsa kapangidwe kake. Amene adasunga katundu wodula adagulitsa moluza. Foni si chimanga choti n'kuchithira mankhwala: ikakhala miyezi isanu ndi umodzi pashelefu, ina yatsopano imakhala yatuluka ndipo yakaleyo yataya mtengo.

Nzeru yake ndi kupikula pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndi kufunsa mtengo watsopano asanatumize ndalama, osadalira wa mwezi watha. Wamalonda aziyerekezanso RAM ndi malo osungira zinthu pafoni, osati dzina lokha. Bokosi likalembedwa 4GB+4GB, RAM yeniyeni ndi 4GB basi, inayo ndi yongobwereka kumalo osungira zinthu ndipo sithamanga chimodzimodzi. Kasitomala akauzidwa zoona lero, mawa adzabweranso.

Ogulitsa ma memory card ndi ma flash achenjere kwambiri, chifukwa katundu akadula ndi pamene wachinyengo amachuluka. Khadi yolembedwa 128GB koma yotchipa modabwitsa iyesedwe pakompyuta isanagulidwe yambiri. Okonza malaputopu nawo asataye RAM ndi SSD zabwino zochokera m'makompyuta akufa, pakuti lero ndi ndalama. Chimodzimodzinso mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito amene ali bwino: atsopano akamadula, ogula ambiri amatembenukira kwa amenewa.

Palibe wamalonda wa ku Limbe kapena Lusaka amene angasinthe zochita za Samsung. Chimene angathe n'kudziwa chimene chili mkati mwa bokosi asanalipire, ndi kusaika mpamba wonse pa katundu mmodzi.