Oitanira minibasi alowa m'kompyuta mwanu

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino ndakatulo zidikire kaye. Ndatopa kumva anthu ophunzira bwino, olemba nkhani zogwira mtima, akudandaula kuti "laputopu yanga yakalamba" kapena "netiweki yavuta lero", kenako n'kumaliza ndi mawu amene amandiwawa kwambiri aja: "ndikaipereka aiformate." Nthawi zambiri laputopuyo ndi yabwinobwino, netiweki nayo ilibe mlandu. Chimene chachitika n'chakuti munthu wina amene simunamuonepo akudyera pa inu, ndipo chitseko munamutsegulira nokha.

Aliyense amene anafikapo pa depoti ya ku Lilongwe kapena pa Wenela ku Blantyre amawadziwa anyamata oitanira. Usanatsegule n'komwe pakamwa, chikwama chako chili kale paphewa pa munthu. Iwe ukufuna minibasi imene yatsala pang'ono kudzaza, iye akukukokera ku ina yopanda anthu, chifukwa dalaivala wa imeneyo ndi amene amamupatsa kangachepe pa mutu uliwonse. Ulendo wako alibe nawo ntchito. Kwa iye ndiwe ndalama yoyenda ndi miyendo.

Pa kompyuta palinso oitanira otere. Dzina lawo pa Chingerezi ndi browser hijacker. Browser ndi pulogalamu imene mumalowera pa intaneti, kaya ndi Chrome, Edge, Firefox kapena Opera. Hijacker ndi kapulogalamu kamene kamalowa mwakachetechete n'kusintha zinthu mu browser yanuyo: tsamba loyamba kutseguka, malo ofufuzira, ndi zimene zimaoneka mukatsegula tabu yatsopano. Mukalemba funso, m'malo molipititsa ku Google kapena ku Bing molunjika, kamayamba kalidutsitsa kwa eni ake, iwo n'kuthiramo malonda awo. Malonda aliwonse amene mwaona kapena kudina, iwowo alandira. Wogawa pulogalamuyo nayenso amalipidwa pa kompyuta iliyonse imene kalowamo. Apa palibe zamatsenga, ndi bizinesi basi, ndipo katundu wake ndi inuyo.

Mungakadziwe bwanji? Mukatsegula browser mukupeza tsamba lachilendo limene simunaliikepo. Mukafufuza kanthu, adilesi pamwambapo ikuphethira n'kudutsa mayina awiri atatu musanafike pa mayankho. Matabu akutseguka okha, ena a juga, ena a zithunzi zoti simungafune mwana wanu aone. Pakona ya sikirini pakutuluka timauthenga takuti kompyuta yanu ili ndi mavairasi asanu, dinani apa. Mukabweza Google pamalo pake, mawa mupeza zabwereranso zomwe zija. Ndipo bandulo imene inkakukwanirani sabata yathunthu ikutha Lachitatu.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza. "Ine ndilibe chobedwa. Ndine mphawi, akuba a pa intaneti andifuniranji?" Maganizo amenewa ndi amene amatigwetsa. Ife ogulitsa kaunjika timadziwa kuti phindu silichokera kwa kasitomala mmodzi wolemera, limachokera ku timakwacha tating'ono ta anthu ambirimbiri. Anthu awa nawonso amawerengera choncho. Komanso chobedwa muli nacho ndithu. Bandulo munaigula ndi thukuta lanu, ndipo malonda aliwonse amene akutseguka okha akudya megabaiti yanu. Ka extension koipa mu browser kakhoza kuwerenga chilichonse cha pa tsamba limene mwatsegula, ngakhale zimene mukulembapo. Pasiwedi ya Facebook ikapita, mawa achibale anu alandira uthenga wa dzina lanu wopempha ndalama ya kuchipatala, ndipo ena atumiza chifukwa amakukondani. Inu olemba, imelo yanu ndi kumene kuli buku lanu lonse, makalata a akonzi, ndi zonse zimene munatumiza ku mipikisano. Mukunena kuti mulibe chobedwa?

Ndiye tiyeni tinene chilungamo za njira imene zinthuzi zimalowera, chifukwa mkwiyo wanga uli pamenepa.

Njira yoyamba ndi chala chathu chomwe. Tikamaika pulogalamu timangoti Next, Next, Next, Finish, ngati tikuthamangitsidwa ndi galu. Pakati pa ma Next amenewo pamakhala kabokosi kochongedwa kale, kakuti mukuvomera kuikanso chinthu china ndi kusintha malo anu ofufuzira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani Custom kapena Advanced m'malo mwa Express, werengani tsamba lililonse, chotsani chongacho. Ndi mphindi imodzi yokha.

Musaganize kuti mchitidwewu ndi wa timbava tam'tchire tokha. Kwa zaka zingapo, munthu akamaika Java ya kampani ya Oracle pa Windows, Ask Toolbar inkabwera nayo limodzi ngati sanachotse chonga. Mayina monga Babylon Toolbar ndi Conduit anazunza anthu dziko lonse lapansi mwa njira yomweyi. M'chaka cha 2015 zinaululika kuti Lenovo inkagulitsa malaputopu ena atsopano muli kale pulogalamu ya Superfish, imene inkalowetsa malonda m'masamba ndipo inkafooketsa chitetezo cha masamba otetezedwa. Mu 2017 kampaniyo inavomera kulipira madola 3.5 miliyoni ku zigawo 32 za dziko la America. Chaka chomwecho akatswiri a Check Point analengeza za Fireball, yochokera ku kampani ya Rafotech ya ku Beijing, ndipo anati inalowa m'makompyuta 250 miliyoni, ngakhale Microsoft inatsutsa kuti chiwerengerocho chinali chokokomeza. Ngati makampani ovala mataye anachitapo zimenezi, nanga tsamba lopanda dzina limene likukupatsani filimu yaulere, mukuganiza kuti likukukonderani chiyani?

Njira yachiwiri ndi zaulere za kuba. Office ya kiraki, Photoshop ya kiraki, magemu, masamba a mafilimu ndi mpira. Munthu anakhala pansi, n'kuthyola loko wa pulogalamu yodula, n'kuilongedza bwinobwino, n'kukupatsani osafuna olo tambala. Eti chifukwa cha chifundo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2022 kunafala ChromeLoader, imene inkabisala m'mafayilo onamizira magemu ndi mapulogalamu a kiraki, ikalowa n'kudziikira extension yake mu Chrome. Pa masamba amenewa mabatani a Download amakhala anayi, ndipo lalikulu lobiriwira lija kawirikawiri ndi msampha.

Apa ndilankhule ndi inu achimwene okonza makompyuta m'tauni, chifukwa ena muli m'gulu momwe muno. Si nonse, ndipo amene mumagwira ntchito mwachilungamo ndimakupatsani ulemu. Koma pali ena amene munthu akabwera ndi laputopu mumangotulutsa fulashi yanu ija yodzaza mapulogalamu a kiraki amene inu nomwe simudziwa kumene anachokera, n'kuzimitsa Windows Security kuti kirakiyo alowe bwino, osaiyatsanso. Patapita mwezi munthu yemweyo wabwera akulira, inu n'kumuuza kuti palibe kuchitira mwina, tiformate. Walipira kachiwiri, zithunzi za ukwati zapita, nkhani zake za zaka zitatu zapita, ndipo mwamuikiranso zomwe zija kuchokera pa fulashi yomwe ija. Kumsika kwathu munthu wogulitsa ndi sikelo yobera sachedwa kudziwika. Inu mukutetezedwa ndi chinthu chimodzi chokha, chakuti makasitomala anu amaopa kufunsa.

Mudzati, "nanga titani, Office yeniyeni ndi yodula?" Zoona, ndi yodula, ndipo sindikunyoza umphawi wa munthu, inenso ndimawerengera kwacha iliyonse. Koma zaulere zachilungamo zilipo. LibreOffice ndi yaulere mwalamulo, imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word. Google Docs ndi yaulere. VLC yoonerera mafilimu ndi yaulere, GIMP yokonzera zithunzi chimodzimodzi. Chofunika n'kuzitenga pa tsamba la eni ake, ndipo mukafufuza pa Google dumphani mayankho apamwamba olembedwa Sponsored, chifukwa akathyali amagulanso malo amenewo.

Njira yachitatu ndi mantha. Tsamba likuti Chrome yanu yatha ntchito, dinani apa muikonze. Bodza. Chrome imadzikonza yokha, ndipo mukafuna kutsimikiza pitani pa Help kenako About Google Chrome. Lina likuti ikani Flash Player kuti muonere vidiyo. Kampani ya Adobe inasiya Flash Player pa 31 Disembala 2020, ndiye aliyense wokuuzani zimenezo lero ndi wakuba, musachite kufunsa. Lina likuti dinani Allow kuti musonyeze kuti sindinu loboti. Mukadina mwapereka chilolezo choti tsambalo lizikutumizirani timauthenga tabodza tija usana ndi usiku, ndipo msampha uwu umagwiranso pa foni.

Tsono ngati zalowa kale, musathamangire kukaformata. Munthu sawotcha nyumba chifukwa cha khoswe. Choyamba koperani zolemba zanu pa fulashi kapena pa Google Drive. Kenako tsegulani Control Panel, pitani pa Programs and Features, sanjani mndandandawo potsata tsiku loikira, muone zimene zinalowa masiku amene vuto linayamba. Dzina limene simukulidziwa lifufuzeni kaye pa foni musanalichotse, kuopa kuchotsa chinthu chimene kompyuta imafuna. Zikatero tsegulani Chrome, lembani chrome://extensions pamwamba paja, chotsani extension iliyonse imene simunaiike ndi manja anu. Mu Settings, onani pa Search engine ndi pa On startup, bwezani zimene mumafuna. Pitani pa Privacy and security, Site settings, kenako Notifications, muchotse masamba onse achilendo amene ali ndi chilolezo.

Pali kamalo kena kamene ambiri amaiwala. Dinani kumanja pa chizindikiro cha Chrome pa desikitopu, sankhani Properties, muone pa Target. Pamenepo pamayenera kuthera pa chrome.exe basi. Ngati kutsogolo kwake kuli adilesi ya tsamba, ifufuteni, chifukwa ndi imene imakubwezerani kwa oitanira aja nthawi iliyonse mukatsegula. Mukatha apo yatsani Windows Security ngati inazimitsidwa, muyendetse Full scan. Onjezerani AdwCleaner, yaulere, ya kampani ya Malwarebytes, imene ntchito yake ndi kusaka tizinthu ta mtundu womwewu, ndipo itengeni pa tsamba la Malwarebytes lenilenilo. Pomaliza, mu Settings ya Chrome muli Reset settings, imene imabweza zonse mwakale popanda kufufuta ma bookmark ndi mapasiwedi osungidwa. Edge nayo ili ndi Reset settings, pomwe Firefox ili ndi Refresh Firefox.

Kompyuta ikayera, sinthani mapasiwedi, kuyambira ya imelo, chifukwa amene ali ndi imelo yanu akhoza kutsegula zina zonse. Yatsaninso chitetezo chachiwiri chija chimene chimafuna nambala ya pa foni polowa. Ngati pa laputopu yanuyanu, yosakhala ya kuntchito kapena kusukulu, Chrome ikulemba kuti Managed by your organization, ndipo extension ina ikukana kuchoka, ndiye kuti mwina kachinthuko kazika mizu mkati mwa Windows. Pamenepo pitani kwa wodziwa, koma mupite ndi pakamwa panu. Muuzeni zimene mwayesa kale, mufunseni chimene akufuna kuchotsa ndi chifukwa chake, ndipo akatchula zoformata, zolemba zanu zikhale zili kale m'thumba mwanu. Safunsa anadya phula.

Mawu ena kwa inu amene mukugula malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito, monga ambiri a ife timachitira. Tsiku loyamba lomwelo chitani zonse ndatchulazi musanalowetsemo pasiwedi iliyonse, chifukwa simukudziwa manja amene yadutsamo. Chovala cha pa belo timachichapa tisanavale, bwanji laputopu? Funsaninso Windows imene ilimo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome yatsopano siyendanso pamenepo. Wogulitsa akakuuzani kuti "imathamanga bwino", mufunseni za zimenezi, mtengo utsike.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife Amalawi pa ndalama ya m'manja ndife ochenjera kwabasi. Mayi wogula tomato amatembenuza aliyense kuona pansi pake, amawerenga chenji kawiri, salola mwana wachilendo kumunyamulira dengu. Mayi yemweyo akakhala pa kompyuta amavomera chilichonse chifukwa chalembedwa m'Chingerezi ndipo chili ndi batani lobiriwira. Tinaphunzitsidwa kuti makinawa ndi a anthu anzeru ena, ife tingodina zimene atiuza. Ayi. Laputopu munagula ndi ndalama yanu, bandulo ndi yanu, nthawi ndi yanu, ndipo muli ndi ufulu wokana.

Ndiye lero musangodina Like n'kudutsa. Tsegulani ma extension anu muwawerenge. Mukapeza dzina lokayikitsa lilembeni m'makomenti pansipa tithandizane, ndipo inu odziwa za makompyuta muyankhe mwaulemu, osaseka anthu. Sabata yamawa tibwerere ku ndakatulo zathu, pa makina oyera.