Makatuni a Tom ndi Jerry: tisadule, tifotokoze

Ana ambiri m'dziko muno sanamvepo dzina la William Hanna kapena Joseph Barbera, koma mukawaikira chimbale cha mphaka ndi kambewa kaja, phokoso lonse limatha, maso onse pa kanema. Tom ndi Jerry safuna womasulira. Salankhula kwenikweni, nkhani yonse ili m'kuthamangitsana, pankhope ndi m'nyimbo. N'chifukwa chake anafika mpaka m'nyumba zoonetsera mavidiyo za m'misika yathu, ndipo agogo amaseka limodzi ndi adzukulu.

Hanna ndi Barbera anayamba ntchitoyi mu 1940 ku kampani ya MGM, ndi katuni yotchedwa Puss Gets the Boot. Pofika 1958 anali atapanga makatuni 114, ndipo 7 mwa amenewa analandira mphoto ya Oscar. Kunalibe kompyuta. Chithunzi chilichonse chinkajambulidwa pamanja n'kupakidwa utoto, ndipo pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 24. Onerani The Cat Concerto ya mu 1947. Tom wavala suti, wakhala pa piyano, akuimba nyimbo ya Franz Liszt, pomwe Jerry wagona tulo m'kati mwa piyanomo. Timitengo togunda nsambo tikuyamba kumuponya uku ndi uku, ndipo kudumpha kwake kulikonse kukugwera ndendende pa kugunda kwa nyimbo. Luso lotere ndi lofunika kulisunga, ndipo matepi a VHS, kenako zimbale za DVD ndi Blu-ray, ndi zimene zalifikitsa m'nyumba za anthu.

Koma m'makatuni omwewa muli chilonda chimene ife anthu akuda sitingachidumphe. Muli mayi wonenepa wachikuda amene anthu amamutchula kuti Mammy Two Shoes. Kawirikawiri nkhope yake sioneka. Timangoona miyendo, masilipasi ndi tsache, kwinaku akukalipira Tom m'Chingerezi chokhotetsedwa dala kuti azungu aseke. Amene ankalankhula mawu akewo ndi Lillian Randolph, mayi waluso ndithu, amene Hollywood ya nthawiyo inkamupatsa mbali za wantchito wa m'nyumba. Mulinso malo amene bomba likaphulika, nkhope ya Tom imada bii, milomo n'kutukumuka, potengera zisudzo zakale za ku America zonyoza anthu akuda.

Eni makatuniwa ayesa njira zingapo. M'zaka za m'ma 1960, pokonzekera kuwaonetsa pa wailesi yakanema, mayi uja anamufufuta m'makatuni ena n'kujambulapo mzungu. Pambuyo pake ena anawalowetsa mawu atsopano. Zimbale zina zinatuluka mbali zina zitadulidwa. Mu 2013 kampani ya Warner inkafuna kutulutsa gawo lachiwiri la zimbale za Tom ndi Jerry zotchedwa Golden Collection popanda Mouse Cleaning ya 1948 ndi Casanova Cat ya 1951, koma ogula anadandaula kwambiri moti chimbalecho sichinatuluke. Pa nkhani yomweyi ya tsankho, Disney nayo sinatulutsepo filimu yake ya 1946, Song of the South, pa tepi kapena pa chimbale m'dziko la America.

Ine sindigwirizana ndi kudulaku. Wobisa matenda, maliro amamuulula. Mukafufuta mayi uja, amene mwamuyeretsa ndi kampani, osati mayiyo. Mwana wa lero adzakula akuganiza kuti Hollywood inali yachilungamo kuyambira pachiyambi, chonsecho ndi yomweyo imene mu 1940, pa usiku umene Hattie McDaniel anakhala munthu wakuda woyamba kulandira Oscar, inamukhazika patebulo lapadera, kutali ndi azungu amene anachita nawo filimu ya Gone with the Wind.

Njira imene ndimailemekeza ndi ija Warner inatsata pa zimbale zina za m'ma 2000. Katuni isanayambe, pamabwera katswiri wa mafilimu Whoopi Goldberg n'kunena poyera kuti zithunzi zina ndi zatsankho, zinali zolakwika kalelo ndipo n'zolakwikabe lero, koma kuzichotsa kungakhale kunamizira kuti tsankholo kunalibe. Kenako katuni imaonetsedwa yonse. Woonera amalemekezedwa ngati munthu wamutu wake, wotha kuyamikira luso n'kudana ndi chipongwe panthawi imodzi.

Apa ndi pamene chimbale chimaposa makanema a pa intaneti. Zimene zili pa intaneti mwini wake akhoza kuzisintha kapena kuzichotsa usiku umodzi, monga Gone with the Wind inachotsedwera kwa kanthawi pa HBO Max mu June 2020. Chimbale chimene chili m'kabati mwanu palibe angabwere kudzachidula. Chimakhala umboni wa zimene zinajambulidwadi.

Komabe chimbale pachokha sichiphunzitsa mwana. Zambiri zimene zimagulitsidwa m'misika yathu n'zokopera, zilibe mawu a Whoopi Goldberg, ndipo ngakhale akanakhalamo, ali m'Chingerezi. Ntchito yofotokoza yatsalira ife. Makolo anzanga, musangoyatsa kanema n'kupita kukhitchini. Khalani pansi muonere limodzi. Mayi wa masilipasi uja akatulukira, imitsani kaye, muwafunse anawo chifukwa chake nkhope yake sakuionetsa, ndipo muwauze kuti dzina la amene ankalankhulayo ndi Lillian Randolph. Mukatero, pitirizani kuseka nawo.