Za Umoyo Wathu: Nkhawa Isintha Zokumbukira za Paubwana

M'midzi yambiri muli mwambo wotumiza ana kukakhala kwa malume kapena kwa ambuye ao kuti akhale pafupi ndi sukulu. Ana awiri a mimba imodzi angathe kucoka pakhomo tsiku limodzi, koma atakula, wina anena kuti, "Makolo anatifunira maphunziro," pamene mnzace adandaula nati, "Anatitaya." Nthawi zina cimene cisiyanitsa awiriwa ndi matenda a nkhawa.

Nkhawa ya masiku onse ibwera ndi kutha. Koma matenda a nkhawa akhala miyezi yambiri. Mtima uthamanga, munthu asowa tulo, ndipo ayembekeza tsoka ngakhale pakhomo pali mtendere. Bungwe la za umoyo la WHO linawerengera kuti m'caka ca 2019 anthu 301 miliyoni pa dziko lonse anali ndi matendawa.

Zakale sizisungika m'mutu monga cimanga m'nkhokwe ai. M'caka ca 1932 katswiri wa ku Cambridge, Frederic Bartlett, anaonetsa kuti munthu akamakumbukira amanganso nkhaniyo mwatsopano, nadzaza mipata ndi maganizo amene ali nao. Tsono wodwala nkhawa akumana ndi cinthu ca matanthauzo awiri, asankha loopsalo. Atate amene anakhala cete cifukwa cotopa ndi khasu, iye lero awakumbukira ngati munthu womuda.

Mu mzinda wa Dunedin ku New Zealand, akatswiri anatsata ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973, nalemba mabvuto ao akali aang'ono. Atafika zaka 38 anafunsidwa za ubwana wao. Zimene anakumbukira zinagwirizana ndi zolembedwa zija pena ndi pena, osati ponse. Anthu a mtima wamantha ndi wodandaula ndiwo anakumbukira mabvuto oposa amene analembedwa.

Izi sizitanthauza kuti wodandaula za ubwana wace anama. Ana ambiri azunzidwadi, ndipo nkhanza zotere ndizo zina mwa zimene ziyambitsa matenda a nkhawa. Zolembedwa nazonso ziphonya zambiri zocitika m'nyumba usiku. Cotero kumuuza munthu kuti, "Walota cabe," ndi kumuonjezera bala.

Asanadule cibale ndi makolo okalamba, munthu wotere acita bwino kukhala pansi ndi atsibweni kapena azakhali amene analipo, namva cifukwa cace zinthu zinayenda motero. Ayeneranso kupita ku cipatala ca pafupi kukafotokoza za mantha ndi kusowa tulo. Matendawa acizika ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala, ndipo ofunika thandizo lalikulu atumizidwa ku zipatala monga ca Chainama Hills mu Lusaka.

Nkhawa ikacepa, cimene cinacitika cikhalabe comweco, koma munthu atha kucipima bwino. Wolakwa aoneka, ndi wosalakwa yemwe aoneka, makolo akali moyo kuti ayankhe.