Mwana si mbuli, manotsi athu ndi amene anakalamba

Anzanga aphunzitsi, lero mundikhululukire, ndalemba ndili wokwiya.

Sabata yatha mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4 anandipeza kusukulu atanyamula laputopu yake. Panopa ali ku koleji, akuphunzira za machine learning. Mawu ake oyamba anali akuti, "Aphunzitsi, mwina zinthuzi si za mutu wanga, ndingozisiya." Chimene chinamufikitsa pamenepa ndi mzere umodzi wokha: ModuleNotFoundError: No module named 'sklearn.cross_validation'. Masiku anayi akulimbana nawo. Anachotsa Python n'kuikanso kawiri, bandulo ya sabata yonse inathera pomwepo, ndipo mnzake wina anali atamulangiza kale kuti angofufuta zonse za m'kompyutamo ayambirenso.

Kompyutayo inalibe vuto. Mwanayonso analibe vuto. Vuto linali m'manotsi amene anapatsidwa m'kalasi. Eni ake a scikit-learn anachenjeza mu 2016, pa version 0.18, kuti zimene zinali mu cross_validation zasamukira ku model_selection, ndipo mu 2018, pa version 0.20, dzina lakalelo analichotseratu. Tinangosintha mzerewo kukhala from sklearn.model_selection import train_test_split, basi pulogalamu n'kuyenda. Mphindi imodzi sinakwane.

Ndiye ndifunse: munthu amene anagawa manotsi amenewa anayamba wawayesa pa kompyuta yake? Sanayese. Anawakopera penapake, n'kupita nawo kukachita fotokope, n'kugawa. Titawerenga patsogolo tinapezanso from sklearn.externals import joblib, chinthu chimene chinachotsedwa pa version 0.23 mu 2020 (masiku ano timangolemba import joblib). Tsamba loyamba likuuza ana kuti alembe pip install sklearn, pamene dzina lenileni la pakejiyo ndi scikit-learn, ndipo kuyambira Disembala 2023 dzina lachidulelo limangokana kulowa.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe. Intaneti ndi yodula, magetsi amazimazima, makalasi ndi odzaza, nthawi palibe. Zonsezo ndikuzidziwa, inenso ndimakhala momwemo. Koma kuyesa code yako kamodzi usanaigawe sikufuna bandulo. Kulemba pamwamba pa tsamba kuti "izi zinayesedwa pa version yakutiyakuti" kumangofuna cholembera. Mwana akaona zimenezo atha kulemba print(sklearn.__version__) n'kudzionera yekha kuti kusiyana kuli pati. Ukapanda kutero, mtengo wa ulesi wako amalipira ndi mwana, ndiponso amalipira ndi ndalama ya makolo ake.

Koma ife a ku sekondale tisaloze chala ku koleji kokha ayi. Ndife amene tinazoloweretsa ana kuti cholembedwa chofiira n'chamanyazi, chofunika kubisa msanga. Akaona zofiira pa sikirini amangotseka osawerenga. Chonsecho mzere womaliza wa error umanena poyera chimene chasowa. Ukati No module named 'sklearn', ndiye kuti pakejiyo sinalowe, kapena inalowa mu Python wina pamene iwe ukugwiritsa ntchito wina, n'chifukwa chake ndimauza ana kuti azilemba python -m pip install scikit-learn. Ukatchula dzina lokhala ndi kadontho pakati, ngati la mnyamata uja, kawirikawiri pakeji ilipo koma kachigawoko kanasamuka. Ndipo wina akasunga fayilo yake ndi dzina loti sklearn.py, Python amayamba kutsegula imeneyo m'malo mwa yeniyeni. Izi n'zophunzitsika mu piriyodi imodzi. Bwanji sitiphunzitsa?

Mnyamata uja wabwerera ku koleji, sanasiye. Usiku womwewo ndinatsegula manotsi anga a kalabu ya makompyuta kuti ndidziyese ndekha. Patsamba lachiwiri ndinapeza print "Moni" wopanda mabulaketi, kalembedwe ka Python 2, amene eni ake anasiya kumusamalira pa 1 Januwale 2020. Ana anga a kalabu, Lachitatu mubwere ndi mapepala aja mudzandibwezere.