Mizere Itsate Oyimba

Anzanga, ndiloleni ndinene maganizo anga pa mkangano umene unabuka m'gulu lathu la zoyimba teremu yatha. Tinajambula kwaya yathu ikuyimba nyimbo yotsazikana ndi a Fomu 4, pamodzi ndi ng'oma imodzi, ndipo tinafuna kuonjezapo piyano ya m'kompyuta. Tsono pulogalamu imene tigwiritsa nchito, Ableton Live, iri ndi mizere yoimirira yosonyeza pamene kugunda kuli konse kuyenera kugwera. Ikangotsegulidwa imayamba ndi kugunda 120 pa mphindi imodzi, ndiko kuti kawiri pa sekondi. Koma kwaya yathu inayamba pa 96, nifika pa ndime yotsiriza iri pa 90, pakuti nyimbo yotsazikana munthu saithamangira.

Musayese kuti kusiyanaku nkwacabe. Mizere ikakhala pa 96 oyimba ali pa 92, pakutha mphindi imodzi asiyana kugunda kunai, ndipo piyano ilowa oyimba asanatsegule pakamwa.

Anzanga ena anati tikoke mau a kwaya mpaka agwere pa mizere. Tinayesa. Inde zonse zinalingana, koma mau a asungwana ananjenjemera ngati akuyimbira m'madzi, ndipo paja wotsogolera amaima kupuma tisanalowe tonse, kompyuta inapafupikitsa. Komatu pomwepo ndi pamene nyimboyo imagwetsa misozi!

Ine nditi mizere ndiyo isunthe. Nchito yace njotopetsa, sindikana. Uyamba wapeza kugunda koyamba kwa ng'oma, nuikapo mzere woyamba. Kenaka umvetsera pang'ono pang'ono, nuika cizindikiro pakutha pa kugunda kunai kuli konse, kufikira nyimbo itatha. Potsiriza usindikiza batani lochedwa Leader, ndiko kuuza pulogalamu kuti mau ojambulidwawo ndiwo atsogolere. Pamenepo liwiro litsika oyimba akatsika, likwera akakwera, ndipo piyano iyenda nao osawakoka. Ndinathera Loweruka lonse pa nchitoyi, nsima yamasana inandipita. Ena adzati Logic Pro imacita izi yokha kuyambira 2018. Nzoona, koma ifuna makina a Apple, ndipo ife tiribe.

Sindinena kuti liwiro losasintha nloipa. Pa nyimbo zopangidwira m'kompyuta momwemo liri bwino ndithu. Koma ndani anaona woyimba ng'oma ya cimtali akuyang'ana wochi? Gule akakoma ng'oma ifulumira yokha, ndipo palibe anena kuti yalakwa. Johann Maelzel anabwera ndi kacipangizo kace kowerenga kugunda, metronome, m'caka ca 1815. Kodi caka cimeneco cisanafike anthu sanali kuyimba bwino?

Ndamva kuti pojambula teremu ino wotsogolera kwaya adzamveka zomvera m'makutu kuti azitsata kugunda kwa kompyuta. Aphunzitsi athu a zoyimba, conde, musanalole zimenezo bwerani mudzamve nyimbo ija ya a Fomu 4. Ndasunga zonse ziwiri, yokokedwa ndi yosakokedwa.