ZA KUMUNDA: Chamwamba Si Mbale wa Nandolo

Sabata yatha bambo wina anandionetsa chamwamba chimene anabzala m'mizere m'munda mwake, nati, "Alangizi, mtengowu ubala ngati nyemba, tsono ukonza nthaka monga achitira nandolo." Ndinamva chisoni, pakuti bamboyu sanatute manyowa chaka chino podalira mitengoyo.

Tamverani. Zomera zili ndi mabanja monga ife tili ndi mafuko. Nandolo, mtedza, khobwe ndi nsangu ndi a banja limodzi lalikulu, ndipo ku mizu yawo kuli timatuza timene tipatsa nthaka chonde. Chamwamba, chimene ena ati kangaluni kapena sangowa, sichili m'banjamo, ndipo timatuzato chilibe. Banja lake ophunzira alitcha Moringaceae, ndi laling'ono ndithu: mitundu 13 yokha pa dziko lonse. Umene tili nawo kuno unachokera ku India. Yambiri ipezeka ku Ethiopia, Kenya ndi Somalia, iwiri ku Madagascar, ndipo wina ku Namibia uli ndi thunthu lotupa ngati mlambe. Mungadabwe kumva kuti abale ake enieni ndi papaya ndi mpiru. Takandani muzu mununkhize, mumva fungo lowawa la mpiru.

Kusiyanitsa nkosavuta. Khoko la nyemba likauma ling'ambika pawiri, koma la chamwamba ling'ambika patatu, ndipo njere iliyonse ili ndi timapiko titatu topyapyala.

Musati pomva izi mukadule mitengoyo ayi! Malo ake ndi pakhomo. Amayi a ku Nsanje ndi Chikwawa adziwa kale kuti masamba ake otendera ndi ndiwo zopatsa thanzi, makamaka kwa ana. Mukauthirako madzi otsukira mbale suyoyola masamba msanga m'chilimwe, pamene ndiwo zisowa. Ena afutseni pamthunzi. Njere zokhwima, mukazisenda ndi kuzisinja, zidikhitsa matope m'madzi a kumtsinje, koma madziwo muwiritsebe, chifukwa kuyera sikutha tizilombo tonse. Mizu yokha musadye, khungwa lake lili ndi ululu.

Mvula ikayamba, zikani nthambi yotalika yadi imodzi pamalo posadikha madzi, nimutchingire mbuzi. Ukafika m'chifuwa udulenitu nsonga kuti uchite nthambi zambiri, kuopa kuti amayi angamathyole ndiwo ndi ngowe. Ndipo inu bambo aja, ngolo ya manyowa ipite kumunda mvula isanagwe.