Buku likatha, chigafa chimaitana

Dzulo mdzukulu wanga wa Sitandade 2 wabwera ndi buku la Chichewa lothothoka masamba. Pachikuto pali chizindikiro cha USAID, bungwe la boma la America lomwe linkathandiza kusindikiza mabuku ophunzirira kuwerenga m'sukulu zathu za pulayimale. Mu 2025 boma la Donald Trump linatseka bungweli. Nanga bukuli likatheratu, lina lichokera kuti?

Kuno ku Kasungu funsoli ndi lalikulu. Mwana akatopa kulimbirana buku limodzi ndi anzake, chigafa chimamuitana, chifukwa kusoka fodya kuli ndi kangachepe. Pajatu ndi America yomweyo imene mu 2019 inayamba kutsekereza fodya wathu ponena kuti timagwiritsa ana ntchito.

Komabe sindiloza chala Washington yokha. Maphunziro aulere tinayamba tokha mu 1994, ndipo mabelo a ku Chinkhoma amabweretsa madola chaka ndi chaka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Thandizo lakunja linali lapachala.

Aphungu athu, pokambirana bajeti ku Lilongwe mukafunse: za mabuku a ana zili pati?